Pondani Pamene Ndaponda

Tsiku limenelo ndinkayanika makaka pathanthwe la kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Milanje, tsidya la ku Mozambique. Ndinali nditangotha msinkhu. Mng'ono wanga Loza ankaingitsa nkhuku kuti zisajomphe chinangwa. Mayi ankasenda china pakhonde. Mfuti yoyamba inalira cha kuchigayo. Tinaganiza kuti ndi injini.

Anali ankhondo a kutchire, aja ankamenyana ndi boma. Bambo anali atapita kuchigayoko ndi chimanga. Sitinawaonenso.

Ankhondowo anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu n'kutisenzetsa zimene analanda. Ine anandipatsa mutu wa makina osokera. Mayi anawapatsa thumba la mchere. Loza anamupatsa nkhuku zomanga miyendo. Imodzi inali yathu yomwe.

Tinayenda pamzere kulowera kumapiri. Mayi anali ndi bala kuphazi. M'mawa mwake anayamba kutsalira. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, mchere uli pamiyendo. Anayang'ana ine, anayang'ana Loza, kenako anandilozera kutsogolo ndi chibwano. Mzere sunaime. Titakwera chitunda tinamva mfuti kamodzi. Ndinagwira mutu wa Loza kuti asacheuke.

Kumapeto kwa mzere kunkayenda mnyamata wina wa gulu lawolo, wamtali, woonda. Mfuti yake ankaikoleka paphewa ndi chingwe cha khonje. Anzake ankamuitana kuti Zuze. Sanamenye munthu. Sanaletsenso womenya.

Masana ena dzuwa lili paliwombo, akuluakulu awo anagona pamthunzi. Anatuma ine ndi Loza kukatunga madzi kukhwawa, Zuze akutilondera. Titafika anatsitsa mfuti ija paphewa. Anaimiza m'madzi pang'onopang'ono kuti isamveke, n'kuipsinja ndi mwala. Anavula nsapato. Anatiyankhula m'Chilomwe chathu.

"Siyani zigubuzo. Malawi ali uko. Pondani pamene ndaponda, osati pambali."

Ndinaganiza kuti akufuna kukatichita zoipa kutali ndi anzake. Koma mfuti inali pansi pa madzi. Ndinamutsatira.

Njira zopita kumalire zinali ndi mabomba okwirira. Zuze ankadziwa malo ake chifukwa ndi iye ankasenza bokosi pamene anzake ankakwirira. Pansi panali pouma, mapazi sankaoneka. Choncho paliponse pamene waponda ankapotokola chidendene kuti patsale kadzenje. Ine ndinkaika phazi m'kadzenjemo, Loza pambuyo panga.

Miyendo ya Loza inali yaifupi. Ankachita kulumpha. Penapake anaphonya n'kugwera pambali pa njira, manja onse pansi. Tonse tinauma. Palibe chinachitika. Kuyambira pamenepo munthu wamtali uja anayamba kuyenda timasitepe ta mwana. Ulendo unatalika. Kumbuyo kunamveka mfuti, anzake akufuula dzina lake. Iye sanafulumire.

Tinadutsa mbuzi yakufa pamphepete pa njira. Mwendo wake umodzi unali m'mwamba mumtengo.

Tinkadya masuku osapsa. Tinafika pamtsinje wa Muloza dzuwa likutuluka. Madzi anandilekeza m'chifuwa. Loza anawoloka ali paphewa pa Zuze, atamugwira makutu. Tsidya linalo kunali minda ya tiyi, yobiriwira, yometedwa mofanana. Anthu ankathyola masamba akuimba.

Pamsewu panali othawa ambiri ngati ife. Mayi wina anamuyang'anitsitsa Zuze, n'kumukoka kolala ya malaya. Paphewa panali mzere wakuda, chipsera cha chingwe cha mfuti. Mayiyo anakuwa. Amuna anatola miyala. Zuze anakhala pansi.

Ndinaima patsogolo pake. Ndinauza anthuwo kuti:

"Inde, anali wawo. Koma wawasiya. Taonani mapazi akewa."

Mapaziwo anali ong'ambikang'ambika. Chidendene chakumanja chinalibe khungu. Loza anapita n'kukakhala pamiyendo pake. Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Mayi wina wothyola tiyi anatulutsa chinanazi m'dengu lake, anachidula patatu.

Amalume athu ankagwira ntchito ya fodya ku Limbe ndipo ankakhala ku Bangwe. Uthenga utawapeza anabwera kudzatitenga. Koma anakana kumutenga Zuze. Ine ndinakana kukwera basi. Basi inadikira, kondakitala akutukwana. Amalume anapukusa mutu n'kulipirira tonse atatu.

Tinafika ku Bangwe chakumadzulo. Ana ankasewera mpira wa mapepala pamsewu, akuthamanga paliponse osayang'ana pansi. Loza anawaonerera ali pakhonde mpaka kunada. M'mawa mwake anatsika.

Patapita zaka, ine ndi a Zuze tinakwatirana. Anaphunzira kusula zidebe ndi mbaula, ankagulitsa pamsika wa Bangwe. Nkhondo itatha anthu ambiri anabwerera kwawo. A Zuze sanabwerere. Kwa anzawo akale anali wogulitsa anzake. Kwa anthu a kumudzi anali chigawenga basi. Za mayi ndinawafunsa kamodzi kokha. Anati amene anawombera sanali iwo, koma anaona. Anati maganizo othawa anawabwerera pamtengo wa mango pomwepo. Sitinakambenso.

Posachedwapa pawayilesi ananena kuti phungu wina wadifekita. Ndinafunsa mdzukulu wanga Tadala, amene ali ku sekondale, kuti chimenecho n'chiyani.

"Ndi Chingelezi, agogo. Kusiya gulu limene unalumbira kuti ndiwe walo, n'kupita gulu lina. Amanenera asilikali ndi andale. Amene wawasiya amanena mawuwo akulavula, amene wapita kwawo amanena akuwomba m'manja."

Ndinamuuza kuti agogo ake aamuna anachita zimenezo. Kungoti gulu limene anapitako linali atsikana awiri opanda nsapato, ndipo panalibe wowomba m'manja. Anandiyang'ana modabwa. Iye ankawadziwa ngati nkhalamba yokhoma malata, yokonda tiyi wa shuga wambiri. Enanso obadwira kuno amadziwa zomwezo. Ndi chifukwa chake ndaganiza zofotokoza.

Moyo wawo wonse a Zuze ankayenda patsogolo panga, kaya ndi kutchalitchi, kaya ndi kumsika. Aneba ankawaseka.

"A Zuze, masiku ano mkazi amayenda pambali! Mukuwathawa mayiwa kodi?"

Iwo ankangomwetulira osatembenuka. Ifenso sitinkawauza kanthu.

Anamwalira chaka chatha nyengo yozizira, pabedi lawo, nditawagwira dzanja. Loza ali ku Machinjiri, ali ndi zidzukulu zake. Pamaliro anapempha kuti asanatseke bokosi aone mapazi awo. Anamulola.

Bambo ndi mayi alibe manda amene ndikuwadziwa. A Zuze ali nawo, ndipo ndimakapalira. Njira yake ndi yabwino, anthu amadutsamo tsiku lililonse. Koma popita kumeneko ndimangozindikira ndikuyang'ana pansi, ndikuyenda timasitepe tating'ono.