Mzere Wodutsa M'munda wa Mayi Wamasiye

Chaka chomwe ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, ndinali ndi matenda odzionetsera. Tsiku lina ndinkaphunzitsa Sitandade 7 za mizere ya pamapu, ija yochoka kumpoto kutsikira kummwera, yomwe imatiuza chifukwa chake wotchi ya ku Tanzania imatsogola ndi ola limodzi pomwe ku Mozambique, kongopita wapansiku, nthawi ndi yomweyi. Ana ankangondiyang'ana ngati ndikuyankhula Chipwitikizi.

Pofuna kuwadzutsa, ndinaloza pawindo ndi ndodo. "Mizere imeneyi ili paliponse. Mwina wina ukudutsa apo, pakati pa munda uwo!"

Ana anakhamukira pawindo, ine n'kumadzimva kuti uphunzitsi ndimautha.

Mvula yobzalira inagwa. Minda yonse inabzalidwa kupatula umodzi, koma sindinalabadire. Patatha sabata ndi theka, m'mawa wina wankhungu, ndinapeza mayi atakhala pansi pakhomo la kalasi. Anali mayi wamasiye, mwini munda uja, ndipo mtsikana wawo anali m'kalasi mwanga.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzamva ndekha. Mzere wabomawo utenga mbali iti, yakumtunda kapena yakumunsi? Mbewu yanga ndi yochepa, sindingaitaye pamalo oti alandidwa."

Anthu akumeneko akamva za mapu amaganiza za malire a nkhalango, ndipo mwana uja anakawauza kuti aphunzitsi adzionera okha pamapu. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha. Banja limeneli likagona ndi njala, wolakwa ndine ndi pakamwa pangapa.

Ndinafotokoza za dzuwa, za maola, za kuzungulira kwa dziko. Mapeto ake ndinatulutsa mapu, n'kuwayala pansi, n'kutsata mzere umodzi ndi chala.

"Taonani amayi, ukudutsa m'nyanja yamchere, m'chipululu, m'mizinda ya eni ake. Palibe amene anasamutsidwapo. Ntchito yake n'kuwerengera nthawi basi."

"Ndiye sabwera kudzakhoma zikhomo?"

"Sabwera, amayi."

"Nanga munalozeranji munda wanga, minda yonseyi ilipo?"

Unali munda wooneka bwino pawindo, palibenso china.

Mayiwo ananyamuka, n'kukutumula chitenje. "Mukamaphunzitsa ana zakutali, muziloza kutali komweko."

Anabzala tsiku lomwelo, anzawo atayamba kale kupalira. Ine ndinayamba kulondera mundawo kuposa mwini wake. M'mawa uliwonse ndinkadzera kumeneko, maso kumwamba, kupempha kuti mvula isadule. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza timasamba ta chimanga titasuzumira m'mapando monse. Ndinakhala pamwala, mame akunyowetsa thalauzi, mtima n'kukhala pansi koyamba chichokereni mayi aja pakhomo la kalasi. Belu linalira ndili pomwepo, ndipo sindinathamange.