Ba Mainess ndi Bwenzi la mu Kompyuta

Ba Mainess anabadwira ku George, komboni ya mu Lusaka, koma akakwiya ankakumbutsa aliyense kuti atate awo anayenda wapansi kuchokera ku Dedza kudzaphikira azungu ku Lusaka, ngati kuti zimenezo n'zothetsa mkangano. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, ndipo ankagulitsa vitumbuwa pafupi ndi kiosiki ya madzi. Amuna awo, ba Hosea, anachotsedwa ntchito pamene boma linkagulitsa makampani. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kuvala tayi m'mawa n'kupita pa nsolo kukafotokozera anzawo mmene dziko liyenera kuyendetsedwera.

M'zaka zimenezo chilichonse chinali malonda, kuyambira salaula, zovala za kaunjika zija, mpaka mapemphero. Bambo wina wotchedwa Webster anabweretsa kontena pafupi ndi msika, naikamo makompyuta akale, nalemba pakhomo kuti muli intaneti. Cathrine, mwana wotsiriza wa ba Mainess, yemwe anali mu giredi naini, anayamba kupitako akaweruka kusukulu. Mayi ake ankaganiza kuti ndi sukulu ina. Aliyense wogula chitumbuwa ankapatsidwa nkhani yaulere.

"Mwana wanga aphunzira kompyuta. Wanu aphunzira chani?"

Loweruka lina wigi yawo ya kutchalitchi inasowa. Atasakasaka nyumba yonse ndi kunamizira aneba, anaona wigiyo ikulowa pageti ili pamutu pa Cathrine, yemwe ankachokera kojambulitsa zithunzi, milomo ili psuu.

"Vithunzi ni va ndani?"

"Ni va Nigel, mami. Ni mnzanga chabe wa pa intaneti. Ni mwana wa sukulu, ankala ku England."

"Unamuonapo?"

"Iyayi. Koma ni wabwino. Anakamba ati nisauze munthu, chifukwa bakulu sibamvesa."

Ba Mainess anali atanyamula kale chipande. Anachiyang'ana, n'kuchibwezera pansi. Pambuyo pake ankauza anzawo kuti sanachite zimenezo chifukwa cha chifundo. Anangoona kuti akammenya lero, mawa mwanayo adzabisa bwino kuposa apa.

Lolemba anapita naye ku kontena. Mkati munali makatani olekanitsa makompyuta, ndipo atangolowa, anyamata awiri anazimitsa awo mwachangu, mkulu wina wa mpingo n'kuyamba kutsokomola. Ba Mainess anakoka mpando, nalamula mwana wawo kuti awerenge zonse ndi kumasulira. Cathrine anawerenga. Nigel ankati wabwera ku Lusaka kudzacheza, wamugulira foni, akakumane ku msika wa Kamwala kuseri kwa sitolo ya nsalu. Abwere yekha.

"Muuze uzabwera," anatero mayi ake.

Ba Hosea anati nkhaniyi ikufunika kuilingalira bwino, ndipo anapita kukailingalira pa nsolo. Choncho ba Mainess anatenga ba Petronella, mnzawo wa m'chigwirizano cha amayi, amene ankanyamula zigubu ziwiri za madzi osapumira. Tsiku lokumanalo, ba Mainess anamusiya Cathrine m'sitolo ina moyang'anana ndi malowo kuti aone yekha.

Kuseri kwa sitolo ya nsalu ija kunaima galimoto. Munali bambo wadazi, wamimba yogunda chiwongolero, wamkulu kuposa ba Hosea. Pampando panali foni m'bokosi ndi tchipisi. Ba Mainess anakonza wigi, nagogoda pagalasi.

"Ba Nigel? Ndine Cathy. Ku England mumakalamba msanga, ka?"

Bamboyo anafuna kuliza galimoto, koma dzanja la ba Petronella linali litalowa kale n'kuzula makiyi. Anatsegula chitseko kuti athawe, ba Mainess n'kukuwa ndi mawu awo aja. Amayi a salaula ndi anyamata oitanira mabasi anamuzinga asanafike pamsewu. Anamuperekeza kupolisi nsapato imodzi ili m'manja. Tchipisi anadya ba Petronella, akuti ndi umboni wosachedwa kuwonongeka.

Mu basi pobwerera Cathrine analira njira yonse. Ankati ndi chitsiru, George yense amuseka. Mayi ake, amene sankadziwa kutonthoza munthu, anangomugoneka pamiyendo.

"Chisilu ni uja, mudala onse kuzichita mwana wa sukulu. Iwe unaniuza. Ukaona vina, uzaniuza futi."

M'mawa mwake anasamutsa beseni la vitumbuwa n'kuliika pakhomo pa kontena. Analowa, nang'amba makatani onse, nauza ba Webster kuti makompyuta atembenuzidwe ayang'ane kukhomo. Ba Webster anakamba za ufulu wa makasitomala. Ba Mainess anafunsa ngati akufuna kukafotokozera chigwirizano chonse za ufuluwo, ndipo makompyuta anatembenuka tsiku lomwelo. Amene anadandaula kwambiri sanali ana. Mkulu wa mpingo uja sanabwerenso, ndipo ba Hosea, amene zinadziwika kuti nawonso ankalowamo masana, anati intaneti yatsika khalidwe.

Cathrine sanaletsedwe kupitako. Ankakhala pa kompyuta yapafupi ndi beseni, mayi ake akufunsa dzina lililonse lotuluka pagalasi, mwana wa ndani, amapemphera kuti. Amayi ena anayamba kutumiza ana awo kumeneko podziwa kuti pakhomo pali mlonda wosalipidwa. Ba Webster sanathokoze, koma anawagulira ambulera ya dzuwa.

Kenako kunabwera mafoni a intaneti, kontena inasanduka yometera tsitsi. Ba Mainess anakalamba akunyansidwa nawo mafoniwo, poti analibe khomo loti munthu n'kukhalapo. Komabe anapeza njira. Adzukulu awo, ana a Cathrine, amawerenga mauthenga awo mokweza pakhonde, ambuya akumvetsera ndi kupereka ndemanga. Anyamata a ku George amadziwa zimenezi, ndiye akamalembera atsikana a nyumba imeneyo amayamba ndi kufunsa ngati mawondo a ambuya ali bwino.