Dothi Limene Sitinasinje

Lachisanu, kumapeto kwa Ogasiti

Ndadzuka mtima uli wolemera, koma osati ndi chisoni chenicheni. Chandidzutsa ndi fungo. Amayi anawaza madzi pabwalo asanayambe kusesa, ndipo fungo la katondo wonyowa linalowera pazenera pamodzi ndi mphepo yozizira ya kumapiri. Ndinakhala tsonga kwa kanthawi, bulangete lili m'mapewa. Mawa amisiri ayamba kumanga chiliza cha bambo. Mayeso a Folomu 4 ndinalemba, zotsatira ndikudikira, choncho masiku ano nthawi yoganiza ndili nayo yambiri. Fungo limeneli landibwezera ku chilimwe chija bambo atangomwalira, ine ndili Sitandade 3, chilimwe chimene ine ndi amayi tinathera tikusinja dothi.

Bambo ankagwira ntchito ya misewu ya m'nkhalango ya paini ku Phiri la Dedza. Ankakumba ngalande ndi kuika makalavati odutsitsa madzi pansi pa msewu. Akabwera kumudzi kuno ku Lobi, malaya awo ankanunkhira utomoni. Chaka chimenecho anayamba kutimangira nyumba ya njerwa zootcha, chifukwa yathu yakale ya zidina inali itapendekera, khoma lakumbuyo litachirikizidwa ndi mtengo. Anakumba ngalande za maziko pamalo otsetsereka kumtunda kwa munda wathu, n'kumangamo njerwa kuchokera pansi mpaka zinatulukira pamwamba pa nthaka. Analekezera pomwepo. Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira itayamba, ndipo mu Juni tinawaika m'manda.

Anatisiyira khoma lalifupi loima m'ngalande, uku ndi uku kuli mpata woti mwendo wanga unkalowa wonse. Pambali panali milu ya dothi limene anafukula. Madzi onse a pachitunda chathu amatsikira pamalo amenewo. Mvula ikanapeza ngalandezo zili kukamwa, madzi akanadikha m'mbali mwa njerwa, pansi pakanafewa, khoma likanakhala pansi. Ndipo woumba ndi kuotcha njerwa zina pakhomo pathu panalibenso.

Mu Seputembala kunabwera bambo aang'ono, a Sitefano, mng'ono wawo wa bambo, fosholo ili paphewa. Ndi munthu wa nthabwala, ndipo chiyambire maliro ndiwo okha amene ankatha kuwamwetulitsa amayi. Anazungulira mazikowo kamodzi, n'kulavulira m'manja.

"Alamu, iyi ndi ntchito ya tsiku limodzi," anatero. "Tikankhiremo dothi lomweli, mvula idzatsendera yokha. Mizere kumunda ikukudikirani."

"Akulu anu anakana," anayankha amayi. "Anati lakudali ndi la chimanga, si la nyumba."

"Ananena liti zimenezo?"

"Kuchipatala. Anabwereza mpaka anamwino anawaletsa kulankhula."

Bambo aang'ono anayang'ana milu ija nthawi yaitali. Kenako anatsamiritsa fosholo kukhoma n'kunena kuti mawa abwera ndi ngolo.

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti dothi lili ndi mitundu ngati nyemba. Lakuda la pamwamba, lofewa ndi lonunkhira bwino lija, amayi analikana chifukwa linali lodzaza mizu ndi udzu. Zimenezo zikawola zimasiya mphako, chiswe n'kupeza njira. Makande a kudambo anawakananso, ati amafufuma akanyowa, n'kung'aluka akauma. Tinkafuna katondo wofiira wosakanikira ndi timiyala, amene ankapezeka m'mbali mwa chigwembe cha kuseri kwa tchalitchi. Bambo aang'ono ankamukumba ndi piki n'kubweretsa pangolo, ng'ombe zikupuma mwamphamvu pachitunda, fumbi litawafiiritsa nsidze. Ntchito yanga inali kukhala pamulu n'kumachotsa mizu ndi mwala uliwonse woposa nkhonya yanga, chifukwa mwala waukulu umasiya mpata pansi pake. Zikhadabo zanga zinafiira, ndipo aphunzitsi atatiyendera manja Lolemba lina anangondiyang'ana n'kupitirira.

Ndikamaliza kusankha ndinkawaza madzi ndi kachitini kobowola. Amayi ankatapa dothilo n'kulifumbata. Likanyenyeka potambasula dzanja, ankati ndiwonjezere madzi. Likawamatirira m'zala, ankati tilisiye liwombedwe mphepo. Likatuluka lili chibulumwa, zala zitadindika bwinobwino, n'kusweka pokhapokha ataligwetsa, ndiye kuti lapsa. Ankathira pang'ono m'ngalande, kuya kwake ngati chikhatho chawo atachiimika, osapitirira. Akatero ankatenga munsi.

Unali munsi wawo wa mtengo wa muwanga umene anakwatiwa nawo, wolemera, wosalala pakati pamene manja amagwira. Chida china chokwana mumpata wopapatiza uja tinalibe. Ankasinja mbali ya kunja pang'ono, n'kudumphira mbali ya mkati, kuti dothi lisakankhire khoma mbali imodzi. Poyamba munsi unkamira n'kumalira mogonthera ngati ukugwera pathumba. Pang'onopang'ono kulira kwake kunkasintha, kunkauma, mpaka munsi unkadumpha wokha osasiya chidindo. Pamenepo m'pamene ankathira dothi lina. Kugunda kumeneko ndinkayamba kukumva ndili panjira yochokera kusukulu, ndisanaione n'komwe nyumba yathu. Mng'ono wanga Piyo, amene anali wakhanda, ankagona kumsana kwawo mutu ukugwedezeka motsatira munsi.

Azimayi ena opita kuchitsime ankaima n'kumayang'ana. Bambo aang'ono akatsitsa ngolo ankafunsa amayi kuti, "Anachisale, ufa wakewu tidzadya liti?" Amayi ankangoti, "Mukadzaona denga." Sankaimba. Kwathu kuno mayi akamasinja amaimba, ngakhale chapansipansi, koma amayi ankasinja atatseka pakamwa, maso ali pansi, thukuta likutsikira m'khosi. Matuza anatuluka m'manja mwawo, anaphulika, anauma. Kumadzulo ankaviika manjawo m'madzi ofunda a mchere.

Ine ndinali ndi yankho langalanga pa zimene ndinkaona, ndipo sindinauze munthu. Ndinkakhulupirira kuti amayi akulimenya dothi chifukwa linameza bambo. Ndinaliona ndi maso anga tsiku la maliro, pamene anandigwira dzanja kuti ndikaike nkhata ya maluwa pamtumbira monga mwana woyamba. Choncho nanenso ndinapeza kachipika ka bulugamu, ndipo amayi akapita kukayamwitsa ndinkalowa m'ngalande n'kumamenya ndi mphamvu zanga zonse. Amayi atandipeza anati ndikuthandiza bwino, ndingosamala njerwa.

Chinanso chinkandizunguza mutu. Ngolo zinkabwera, milu inkatha, koma ngalande sizinkadzaza msanga. Dothi losinja linkangozimirira. Pamene kumanda kuja adzukulu okumba manda anabwezera dothi lomwe anafukula, ndipo linatsala lambiri mpaka mtumbira unandifika m'chiuno.

Chizimalupsa chinatipeza tisanamalize. Linali tsiku lotentha kumapeto kwa Okutobala. Masana mitambo inadetsa kumapiri, mphepo inanyamula mapesi m'minda, kenako madontho akuluakulu anayamba kugwa pafumbi. Tinaima pakhonde la nyumba yakale tikuyang'ana madzi ofiira akutsika chitunda. Mbali ya kumtunda, imene amayi anayambira dala, inali itatha, ndipo anaisiya yokwera pang'ono chakukhoma. Madzi anafika pamenepo, anakhota, n'kulowa m'kangalande kamene anawalambulira. Koma pangodya ya kumunsi panali pasanakwiriridwe, ndipo panadzaza thamanda. Mvula itakata amayi anapita osavala nsapato. Anaponda ndi chidendene mbali yosinja ija, chidendene sichinalowe. Kenako anagwada pangodya paja n'kuyamba kukapa madzi ndi mbale, ine ndikulandira n'kumakataya. Matope onse amene anagweramo anawakokolola ndi manja mpaka anafika pouma. Anati dothi labwino silithiridwa pa phala.

Patapita masiku ochepa linafika tsiku limene mpingo wathu umapita kumanda kukapempherera akufa. Ana amaloledwa kupita nawo tsiku limenelo. Tinayenda pamzere tikuimba, azimayi atanyamula masache ndi makasu. Aka kanali koyamba kuonanso manda a bambo. Mtumbira uja unali utatitimira. Pakati panali pololowera ngati mbale, m'mbali munali mng'alu woti dzanja langa likanalowa, ndipo mtanda unali utapendekera. Mantha anandigwira. Zonse zimene ndinaphunzira chilimwe chimenecho zinandiuza kuti apa palakwika.

"Amayi, adzukulu sanatsendere," ndinatero, mokweza kuposa mmene ndinkafunira. "Anangokankhira. Ndithamangire munsi?"

Bambo aang'ono anatembenukira kumitengo, dzanja lili pakamwa. Sindinadziwe ngati akuseka kapena ayi. Amayi anamasula Piyo n'kuwapatsa iwo, kenako anagwada pambali panga.

"Apa sitisinja, Agnesi," anatero chapansipansi. "Pali bambo ako. Apa dothi limatsika lokha, nthawi yake ikakwana."

Anatambasula dzanja n'kutapa dothi la pansi pa mitengo, lakuda, lofewa, la masamba owola, mtundu womwe uja anaukana chilimwe chonse. Analinyenya ndi zala n'kumaliwaza mumng'alu muja pang'onopang'ono, ngati akuthira mchere m'ndiwo. Sanapanikize ngakhale ndi chikhatho. Ine ndinachita chimodzimodzi. Titamaliza anawongola mtanda, ndipo tinabwerera kukaima ndi anzathu.

M'mawa mwake munsi unayambanso kulira. Ngodya ija tinaimaliza, tinadzaza ndi mkati mwa zipinda, mvula yeniyeni isanayambe. Kachipika kanga sindinakatolenso. Ndinabwerera kumulu, kumizu ndi kumiyala. Kumunda tinachedwa, monga ananenera bambo aang'ono. Tinabzala anzathu akupalira, ndipo chaka chimenecho nkhokwe sinadzaze. Munsi nawo unaphwanyika kumutu, timiyala titalowerera m'mtengo, moti sukanalowanso mumtondo. Amayi ankabwereka kwa anzawo.

Dzinja lonse mazikowo anakhala pamvula, atafunditsidwa udzu. Usiku wa mvula yaikulu ukadutsa, amayi ankalawirira kukayang'ana asanasonkhe moto. Mvula itatha, bambo aang'ono anakoka chingwe pamwamba pa njerwa kuchokera ngodya kufika ngodya, anagwada, anatsinzina diso limodzi. Anadzuka akupukuta mawondo n'kunena kuti, "Alamu, ufa uja wapsa." Makoma anakwera chaka chotsatira, denga linabwera pambuyo pake. Ndikulemba izi ndili m'chipinda cha pangodya ya kumunsi ija, ndipo pansi pake palibe mng'alu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi ali pankhondo ndi dothi, ndipo kumanda kuja ndinaona ngati agonja. Kusekondale ndinaphunzira kuti dothi lofukula limakhala ndi mpweya pakati pake, ndipo mpweyawo umachoka ndithu, kaya ndi munsi lero kaya ndi mvula ya zaka zambiri. Bambo aang'ono sananame kuti mvula imatsendera. Imangotenga nthawi imene khoma silingadikire. Amayi sanakwiyire dothi. Ankatsiriza ntchito ya amuna awo m'njira imene anawauza, ndipo mwina ankatseka pakamwa kuti amve bwino kulira kwa munsi. Pamene panafunika changu anachita changu ndi manja awo. Pamene panagona bambo anapasiyira mvula, ndipo sanaumirize chilichonse, ngakhale mtima wawo.

Dzulo mmisiri anapita kukaona manda ndi bambo aang'ono. Wati dothi linakhazikika kalekale, palibe choopa. Akumba kangalande kozungulira m'mphepete, amangemo njerwa za chiliza, kenako akwirire m'mbali mwake. Ndamva akuuza Piyo kuti akankhiremo dothi lomwelo likatsala.

Munsi uja ulipo, amayi anausomeka kudenga la khitchini ndipo wada ndi mwaye. Madzulo ano ndiutsitsa ndiupukute. Mawa ndilawirira ndi wilibala kuchigwembe cha kuseri kwa tchalitchi, ndikasankhe katondo ndekha, ndichotse mizu. Ndikapempha amayi kuti andilole kusinja m'mbali mwa njerwa, kunja kokhakokha, chikhatho chimodzi nthawi imodzi. Pakati ndikauza Piyo kuti asapondepo.