Nyumba Yathu ya Mtundu wa Papaya

Ndinakulira mukomboni ya papulazi ya fodya kufupi ndi Raffingora, kumene nyumba zonse zinkapakidwa laimu. Mvula ikatha, kapitawo ankabwera ndi matumba, aliyense n'kupaka khoma lake kuti mbee. Amayi ankapaka uku akung'ung'udza. Ankati ku Dedza mkazi amadziwika ndi mmene wazirira nyumba yake, dothi lofiira m'munsi, lakuda m'mbali mwa khomo, osati zoyera ngati chipatala. Ku Dedza kwakeko iwo sanapondeko n'komwe, anangomva kwa amayi awo, koma mukanawamva mukanati achokako dzulo.

Pulazi itasintha eni, ntchito inatha, ndipo tinasamukira ku Mhangura, m'nyumba imene amalume anatisiyira popita ku Joni. Zinali nyumba za anthu a mumgodi, zotuwa, zondondozana mizere mizere, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ine ndinali kale ndi mwana kumbuyo, ndipo ndinkagulitsa matimati pamsika.

Abambo anathera moyo wawo akusonkhezera moto m'mabalani a fodya, ndipo pa nthawiyi maso anali atayamba kuchita ng'ala. Tsiku lina masana akuchokera kumagolosale analowa m'nyumba ya aneba, n'kukhala pampando, n'kuitanitsa tiyi. Mayi wa pamenepo, Mshona wa pakamwa posatseka, anaseka mpaka kugwira khoma. Pofika madzulo mzere wonse unali utamva kuti mdala wachimalawi waledzera, chonsecho abambo mowa anausiya pa tsiku limene anabatizidwa. Kuyambira pamenepo sanatulukenso pageti. Ankangokhala pakhonde, munthu amene kale sankatha kukhala pansi. Anatiuza mawu amodzi okha: "Za maso angazi asamve munthu." Zinkandiwawa kwambiri kuwaona atakhala phee ngati mlendo pakhomo pawo pomwe.

Nzeru inachokera kwa amayi. M'mawa wina anatulutsa zitenje zawo zonse, zimene kuno timazitcha mazambiya, n'kuziyanika pawaya ngati achapa. Kenako anagwira abambo padzanja n'kupita nawo kutsidya kwa msewu ngati akukawongola miyendo.

"Bambo a ana, tayang'anani kunyumba. Mukuona chiyani?"

"Utsi wokhawokha."

"Yang'anitsitsani."

Abambo anatsinzina, n'kutong'ola, kenako analoza. "Apo pali kanthu kakuyaka."

Chinali chitenje chofiira mopita ku chikasu, mtundu wa papaya wakupsa kwambiri. Amayi anachichotsa pawaya n'kundiponyera. Tsiku lomwelo ndinakwera kombi ya ku Chinhoyi nacho m'chikwama. Wogulitsa penti atachiona anandifunsa m'Chishona ngati ndikutsegula kireshi ya ana. Ndinamuyankha kuti asakanize penti, mafunso akawafunse kwawo.

Kupenta kwake kunali chikondwerero! Amayi anamanga chitenje m'chiuno, ine ndinakwera pamgolo, tinayamba mbali ya kumsewu. Bulashi ikangodutsa, khoma lotuwa lija linkadzuka ngati latsiridwa moto. Tinkaimba nyimbo za kukwaya, penti ali m'tsitsi, m'zikhadabo, ngakhale pamphuno pa mwana wanga. Amayi sanaiwale za ku Dedza kwawo kosafikako, m'mbali mwa khomo anazunguliza mzere wakuda. Titamaliza ndinathamangira kumsewu kukaiona bwino, ndipo ndinakuwa ndekha ngati wamisala. Nyumba yathu inkaoneka kuchokera pokwerera makombi.

Koma walira mvula walira matope. Mayi wa pafupi uja anatulukira pampanda manja ali m'chiuno. "Nhai amai, mavhura bhawa here?" Ankafunsa ngati tatsegula bala. Wina anati nkhuku zake zasiya kuikira chifukwa cha kuwala. Wina anati kukoma kwa anthu a kumapulazi n'komweko, ukawapatsa nyumba ya m'tauni amaisandutsa galimoto ya ayisikirimu. Ine magazi anga sachedwa kuwira, ndinkabweza mawu onse mmodzimmodzi. Amayi ankangoseka, akuti bola akuiona.

Zosaseketsa zinachokera kwa anthu athu omwe. Kutchalitchi kunayamba manong'onong'o akuti mtundu umenewu ndi wa nkhope za zilombo za gule, ndiye kuti abambo, amene paunyamata wawo analowa kudambwe, abwerera kumene anachoka. Paja anali atasiyanso kubwera ku mapemphero. Anthu anangolumikiza ziwirizo.

Loweruka lotsatira abambo anavala jekete ndi chipewa, n'kunena kuti akukagula mabanzi. Ndinadzuka kuti ndiwaperekeze. "Khala pansi," anatero. Anatuluka okha, ndodo patsogolo.

Asanabwere, anafika mkulu wa mpingo, bambo amene tinachokera nawo limodzi kupulazi. Anakana mpando, anaima pageti.

"Mayi, nyumba iyi yatichititsa manyazi. Anthu akulankhula. Laimu ndikupatsani ine, mawa lomwe ikhale yoyera."

"Abambo, pentiyu ali ndi chifukwa chake," anayankha amayi.

"Chifukwa chanji?"

Amayi anayang'ana pansi. Ine mawu anali atafika pamilomo, koma anandiponda chala. Ndinkadziwa kuti mkuluyu akaumirira, amayi adzagonja, chifukwa mpingo ndiwo unali mudzi wathu kuno kuchilendo. Ndipo laimu akangobwerera pakhoma, abambo abwereranso pakhonde paja.

Ndipamene ndinawaona abambo kumapeto kwa msewu, kapepala ka mabanzi m'manja. Ankayenda pakati penipeni, mutu uli chilili, osawerenga mageti ndi ndodo monga ankachitira kale. Anadutsa geti la mayi wa pakamwa uja osacheuka n'komwe. Ndinalephera kudzigwira, ndinaimba nthungululu mpaka agalu a mzere wonse anauwa.

Mkulu wa mpingo anatambasula dzanja kuti awapatse moni. Abambo anangomudutsa, phewa kukhudza phewa, dzanja lija lili m'malere.

"Achimwene, mwafika pokana ndi moni womwe?"

Abambo anaima, n'kutembenukira kumene kunachokera mawuwo. "Kodi ndinu? Pepani, sindinakuoneni." Anavula chipewa. "Sindikuonani ndithu, achimwene. Nkhope yanu, ya mkazi wanga, ya mdzukulu wangayu, zonse zinapita. Chimene ndikuona m'tauni muno ndi nyumba yangayi basi."

Mkulu uja anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Anayang'ana khoma, anayang'ana amayi, ndipo za laimu sanazitchulenso. Kuseri kwa mpanda, mayi wa pafupi uja anali atagwira pakamwa.

Abambo anapatsira amayi mabanzi aja. "Ikani madzi pamoto, mlendo amwe tiyi," anatero. "Lero ndalowa m'nyumba yanga."