Masitampa a bambo ndi sizasi ya amayi

Abale, mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinapita ndi masitampa a malemu bambo ku Area 11, kwa a Mbewe, amene anagwira ntchito ku positi ofesi mpaka kupuma. Ndi masitampa aja bambo ankamatula pa maenvulopu ali mesenjala ku Capital Hill, boma litangosamuka ku Zomba. Ankanena kuti tidzawaonetse kwa odziwa, mwina pali ena osowa.

A Mbewe anatulutsa kakhadi ka timadontho. Akuti masitampa awiri atha kufanana chithunzi ndi mtundu womwe, koma yosowa imadziwika poyeza timano ta m'mphepete, kuti tatalikirana bwanji. Atayang'ana mu felemu momwe munali masitampawo, anafunsa, "Achimwene, wadula ndani?"

Mukukumbukira kuti mwezi watha amayi anawaika mu felemu kuti azioneka pabalaza. Timano tija iwo anangoti ndi pong'ambika. Anatenga sizasi yawo yosokera n'kuwongola sitampa iliyonse, mosamala ngati mpendero wa diresi, osaphonyapo ndi imodzi yomwe. A Mbewe akuti palibenso choyeza. Zandiwawa. Ndikanadziwa, ndikanapita nawo amayi asanawakhudze.

Pobweza felemu ndinapeza amayi atapukuta kale khoma. Anandifunsa, "Ati chiyani? Aona mmene ndawakonzera zinthu za bambo ako?" Ndinangoti aona.

Achemwali a Esinati, inu mumawadziwa bwino mtima wawo. Tiwauze, kapena ndingoipachika pamalo pake?