Mlendo wa a Gaetano

Mayi Vailet Alufandika agwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo zaka zisanu ndi zinayi mu Leicester muno, ndipo nkhalamba zovuta aziona. Ena otukwana, ena olavula mankhwala, wina mpaka anawagenda ndi silipasi. Koma a Gaetano a ku Spinney Hill anali ena ake. Sankatukwana, chakudya sankakana. Ankangokana kuimirira basi.

Bambowa anachoka ku Italy ali mnyamata, nagwira ntchito m'fakitale ya masokosi mpaka kupuma. Atagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, madokotala anawakonza bwinobwino, koma iwo anangofikira pampando wa pawindo n'kukhala phee miyezi iwiri. Mwana wawo Michelle sanabise mawu: nesi wa khonsolo abwera kumapeto kwa Juni, akadzapeza kuti bambo sakuyenda, nyumba aisiya, akakhala kosungira okalamba. Chonsecho m'nyumbamo ndi momwe anakhala ndi malemu akazi awo zaka makumi asanu. A Vailet zinawapweteka mumtima.

Anayesa kunyengerera, anayesa kuopseza, ayi ndithu.

"Ndiyende ndikaone chiyani?" ankatero a Gaetano. "Mabini a zinyalala?"

Lachiwiri lina a Vailet atavala jekete kuti azipita, a Gaetano anangokweza dzanja ali pampando pomwepo, monga mwa masiku onse. Apa mayi a ku Ntcheuwa zinawakwana.

"Agogo, inu munaleredwa kuti kodi? Kwathu mlendo satsanzikidwa munthu ali chikhalire. Amaperekezedwa. Ngakhale wodzapala moto timamutulutsa pabwalo. Ine miyezi iwiri ndikutuluka muno ndekha ngati wakuba!"

Nkhalamba inafiira makutu. Kaya anali manyazi kaya mkwiyo, inagwira ndodo n'kudzikoka mpaka pakhomo, ikung'ung'udza m'chilankhulo chakwawo. Mawa lake inafika pageti. Sabata yotsatira, pakona. Choseketsa n'chakuti woperekezayo ankafunikanso kumuperekeza pobwerera, ndiye basi ya a Vailet inkangowadutsa akuona, iwo n'kumafika kwa wodwala wina ali wefuwefu.

Pakona paja ndi pomwe zinayambira. A Gaetano anaima n'kuyang'ana msewu wokwera kulowera kupaki.

"Kwathu msewu umakwera chonchi," anatero. "Tauni yonse ili pamwamba pa phiri, yozunguliridwa ndi linga la miyala."

"Ndiye ndionetseni. Ine ndi mlendo wanu, si choncho?"

Kuyambira pamenepo Spinney Hill inasanduka kwawo kwa a Gaetano. Butchala ya Akbar inali chipata chakale cha tauni, pomwe abulu ankalowera atasenza migolo ya mafuta. Pasiteji ya basi panali kasupe wa mitu itatu ya mikango, wina wothyoka mphuno, pomwe atsikana ankatunga madzi anyamata akunamizira ludzu. Akafika pamzikiti ankavula chipewa, ati apa ndi patchalitchi chachikulu, masitepe ake makumi anayi osalala ngati sopo. A Vailet ankafunsa zonse, mtundu wa zitseko, fungo la buledi, dzina la wansembe wogontha uja. Mwina zina ankangowonjezera agogowo, ndani akudziwa? Chachikulu miyendo inkayenda. Akbar naye anazolowera, akawaona ankafuula kuti, "Ku Italy kwacha bwanji lero?"

A Vailet, munthu yemwe sanakwereponso ndege chibwerereni kuchokera ku Chileka , anaidziwa tauni ya eni ake kuposa Derby, mzinda wapafupi ndi Leicester. Kutchalitchi anzawo ankawaseka, "Inu a Vailet, Italy wanuyo munapita liti?" Iwo ankangoti, "Dzulo lomweli, ndipo ndabwerako miyendo ikuwawa."

Tsiku la nesi linafika. Anali mtsikana waulemu, dzina lake Fehmida, ndipo ankangofuna kuona ngati agogo angathe kufika kukhitchini. A Gaetano anamuyang'ana ngati wawatukwana, n'kutenga chipewa. Anamudutsitsa pachipata, pakasupe, patchalitchi, mpaka pamtengo waukulu wa pamwamba pa paki, umene anati ndi nsanja ya belu. Wopuma movutikira pamenepo anali nesi.

"Bambo awa sakuchoka m'nyumba mwawo," anatero Fehmida akulemba. Kenako anatembenukira kwa a Vailet n'kutsitsa mawu. "Komanso mmene akuyenderamu, wowasamalira tsiku ndi tsiku sakufunikanso. Lachisanu likhala lomaliza."

A Vailet ankadziwa kuti zidzatha choncho. Ntchito imeneyi ndi yotero, ukaigwira bwino umadzichotsa wekha. Komabe anamva chimwemwe ndi chisoni zonse pamodzi.

A Gaetano anali atakhala pabenchi, akuloza madenga a Leicester m'munsimo. Ati tsiku lopanda mitambo, uli pansanjapo umaona minda ya mphesa mpaka kumtsinje.

"Mwamva zomwe wanena nesi, agogo? Nyumba ndi yanu."

"Ndamva zonse. Ndi zinazo ndamva, sindine wogontha." Anasisita mutu wa ndodo. "Kuseri kwa nsanjayi kuli kanjira kotsetsereka. Nyumba yachitatu ndi ya mayi anga. Sindinapiteko pamaliro awo, fakitale inandikaniza tchuthi. Sindinamuonetsepo munthu, ngakhale Michelle."

A Vailet anayang'ana wotchi. Wodwala wina ankawadikira ku Evington, ndipo ofesi inali itawachenjeza kale kawiri za kuchedwa. Anazimitsa foni, naiponya m'chikwama, n'kukonza mpango wawo kumutu monga amachitira munthu wolowa pakhomo pamene panagwa zovuta.

"Dzukani, agogo. Tiyeni tikapepese maliro."