Tsiku Limene Mutu wa Tsabola Unagwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamzere wa kuchigayo ku Chibavi. Satifiketi yanga ya zotsatsa malonda inali itagona m'sutikesi chaka chathunthu pamene mayi wina anandinong'oneza kuti a Saidi a ku Ching'ambo, opanga tsabola wa m'mabotolo, akufuna munthu wokopa ogula. A Saidi mapepala anga sanawayang'ane n'komwe. "Tsabola wanga ndi wabwino, koma akungogona m'mashelefu," anatero. "Kamudzutseni."

Za wailesi sitikanazikwanitsa, ndiye ndinaganiza zachilendo: munthu wovala ngati tsabola, wovina m'misewu. Tinagula matiresi akale a siponji, telala wa ku Katawa n'kuwadula, kuwamangirira pa waya wopindidwa, n'kuwakuta ndi nsalu yofiira. Mutu unali wobiriwira, wovundikira nkhope yonse, wokhala ndi kaneti koonera. Ine ndinkayenda pambali ndi chimkuzamawu ndi thireyi ya tchipisi, n'kumadonthezera tsabola kuti anthu alawe.

Wovala chigobacho anali a Mhone, bambo wa ku Nkhata Bay amene ntchito yaulonda inali itawathera, mwana wawo wamkazi ali Fomu 4. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosita ngakhale kampango ka m'thumba. Tsiku loyamba anandiitanira pambali.

"Mama, kuvina ndivina chomene, ine ndinakulira m'malipenga. Koma nkhope yanga isaoneke. Kutchalitchi ndi kusukulu kwa mwana amadziwa kuti ndili pa kampani."

Ndinawalonjeza mochita kulumbira.

Zinthu zinayenda. Anthu ankatilondola kuchokera kumsika mpaka kudepoti, okazinga tchipisi n'kuyamba kuitanitsa makatoni. Ine ndinayamba kudzimva, kuyenda ngati Mzuzu ndinamanga ndine.

Loweruka lina mu Epulo, mvula yathu yosatopa ija inatipeza pakati pa msewu. Siponji imamwa madzi, chinthu chimene sindinachiganizire. Chigoba chinalemera, a Mhone anaterereka m'matope, mutu wobiriwira uja n'kugubuduzikira mungalande. Anadzuka n'kumauthamangira, thupi lonse lili tsabola, dazi lili pamtunda. Anthu anafa nalo phwete. Foni yanga inali kale m'manja, ndikujambula monga mwa masiku onse.

Titabisala pakhonde la sitolo a Mhone anandifunsa, "Mwajambula, mama?"

"Ndifufuta, adada."

"Yewo chomene," anathokoza.

Sindinafufute. Kunyumba ndinaonera kanemayo kangapo, ndikudziwa kuti chiyambire ntchito sindinajambulepo chokoka anthu chotero. Ndinadzinamiza kuti nkhope ikungooneka kamphindi. Ndinalembapo dzina la tsabola wathu n'kumutumiza m'magulu a pafoni.

Pofika Lolemba, mosungira katundu munalibe ngakhale botolo limodzi. A Saidi anandigwira chanza, kenako anafunsa, "Kodi a Mhone anavomera zimenezi?" Ndinangoyang'ana pansi. Iwo anapukusa mutu n'kulowa mkati.

A Mhone anabwera Lachiwiri atanyamula chigoba chochapa bwino, chouma. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Lamulungu ndimawerenga mawu kutsogolo, achinyamata kumbuyo akupatsana foni. Zimenezo ndipirira. Koma mwana wanga wakana kupita kusukulu, anzake akumuvinira m'kalasi. Mayeso ali pafupi, mama. Ine ndimavala ichi chifukwa cha mayesowo."

Anachiika pansi mosamala, n'kutsanzika.

Ndinafufuta kanemayo tsiku lomwelo, koma anali atafika kale m'mafoni a tauni yonse. Ndinapita kwawo kukapepesa, anandipatsa mpando ndi tiyi, koma mtsikanayo sanatuluke kuchipinda. Pambuyo pake ndinamva kuti chaka chimenecho mayeso sanalembe. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa sindinalakwitse mwangozi. Ndinadziwa, ndipo ndinasankha.

Ndikadali pa ntchito yotsatsa malonda, ndipo zachilendo ndimachitabe. Koma nkhope ya munthu siituluka m'foni yanga ndisanamuonetse mwiniwake n'kumva "eya" wochokera pakamwa pake, ngakhale bwana atalusa bwanji.

Mwezi watha ndinawaona a Mhone akudutsa pamsika, atakalamba, Baibulo lili kukhwapa. Munthu wina anakuwa, "A Tsabola, tavinani!" Iwo anangoyenda osacheuka. Ine ndinali pafupi, koma mphamvu yowapatsa moni ndinalibe.